Kansapato ka Kumanzere

Kansapato kaja kanali ka pulasitiki, kofiira, ka phazi la kumanzere, lamba wake womangidwa ndi waya. Malume ankakasunga m'thumba la jekete, ndipo akakhala pakhonde dzanja lawo silinkachoka m'thumbamo. Mwini wake anali msuweni wanga, mwana wawo yekhayo, amene tinabadwa chaka chimodzi. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, wapakamwa kwambiri.

Malume ankathyola tiyi kuesiteti ndipo ankakhala chikamwini kumunsi kwa phiri. Mvula itagwa masiku angapo osakata, napolo anatsika m'mawa wina, madzi osakanikirana ndi miyala ndi mitengo, n'kusesa nyumba za m'mbali mwa mtsinje. Akazi awo ndi mwana sanapezeke. Malume anapezeka madzulo atakumbatira nthambi ya mango, mwendo utathyoka. Atatuluka m'chipatala ku Mishoni analibe kolowera, paja mkazi akamwalira mkamwini amasanduka mlendo. Amayi, pokhala mlongo wawo, anawatengera kwathu kufupi ndi Chinakanaka.

Za nyengo imeneyo ndimakumbukira fungo la zovala zosauma, chikhakha cha pamwendo wa malume chimene chinali kuda tsiku ndi tsiku, ndi mbale yawo imene inkabwerera kukhitchini itangotsinidwa pambali. Amayi ankaiyang'ana mbaleyo n'kunena chapansipansi kuti, "Madzi anawasiya, koma tiwataya pano tikuona."

Kwathu munthu wodzazonda safulumira kunyamuka, ayenera kufotokozeredwa zonse kuyambira pachiyambi. Choncho mlendo aliyense akakhala pamkeka, amayi ankaiyamba nkhani, mwini wake ali pomwepo atazyolika. Mvula, mkokomo, kuthawa, kenako mawu amene sankasintha: "Madzi anawalanda mwana m'manja." Alendo ankapukusa mitu n'kuyankha zofanana, ngati anapangana panjira. "Mulungu amakukondani." "Chachikulu n'chakuti inu muli moyo." Malume ankati, "Zikomo," basi.

Anthu aja sindiwada. Ankayenda m'matope atanyamula ufa, nandolo, wina nkhuku. Koma lero ndimaona kuti aliyense ankachoka atapepukidwa mtima, malume n'kutsala atalemedwa kuposa kale. Panthawiyo ine ndinkangotola mawuwo ndi kuwasunga, chifukwa ndinkafuna kulankhula ngati wamkulu.

Loweruka lina kunabwera aphunzitsi athu, bambo woonda amene anafika kuno akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Amayi atangoti ayambe nkhani, iwo anakweza dzanja.

"Ndinamva kale, mayi. Msavutike."

Anakhala pafupi ndi malume, n'kuwapatsa moni wa Chilomwe, "Moseliwa?" Kenako anati, "Sindinabwere ndi mawu, achimwene. Ndangobwera." Anatulutsa nzimbe m'thumba, anasenda, n'kumawapatsira malume mfundo imodziimodzi. Anakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, makoko a nzimbe ali mbwee pansi. Ponyamuka anangoti, "Ndibweranso Loweruka."

Amayi anakhumudwa. "Munthu wophunzira, osanena ngakhale liwu lolimbikitsa! Maphunziro si nzeru ayi." Ine ndinagwirizana nawo, mpaka ndinkawatsanzira aphunzitsiwo kukhitchini, kusenda nzimbe kukamwa kuli tseke. Palibe wa ife anaganizirapo kanthu poona kuti tsiku limenelo mbale ya malume inabwerera yopanda kanthu.

Patapita masiku atatu amayi anapita kumsika ku Nkando, ine n'kutsala ndi malume. Kunja kunali kuwaza mvula. Ndinkasankha nandolo m'lichero pamene anatulutsa kansapato kaja n'kukaika pabondo. Anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali.

"Kanamuvuka tikuthawa," anatero. "Ndinakatola, ndinati adzandilirira."

Ndinakhala chete. Mwina ukanakhala mwayi wanga kukhalabe choncho.

"Zimene amanena amayi akozi si zoona," anapitiriza. "Madzi sanandilande. Ndinamugwira dzanja bwinobwino. Nthambi itafika pamaso panga, ndinatambasula manja onse awiri. Onse awiri, mphwanga. Ndinamusiya ndekha."

Anandiyang'ana m'maso, koyamba chibwerereni. Ndinachita mantha, ndipo ndinafufuza msanga m'mutu mwanga chonena. Ndinachipeza chili chokonzeka kale. Ndinawongola khosi, n'kulankhula ndi mawu a azimayi a kutchalitchi aja.

"Musadandaule malume. Chachikulu n'chakuti inu muli moyo."

Anatseka maso. Anabweza kansapato m'thumba pang'onopang'ono n'kuti, "Zikomo." Chinali zikomo yemweyo amene ankapereka kwa alendo.

Loweruka aphunzitsi anabweradi ndi nzimbe, koma malume anatuma amayi kukanena kuti agona. Chikhakha chitachotsedwa ananyamuka, akuti akukafuna ganyu kutsidya kwa malire. Kansapato anapita nako. Uthenga unkabwera mwa apo ndi apo, kenako unaleka, ndipo mpaka amayi anamwalira akufunsabe anthu okwera njinga ochokera kumeneko ngati anawaonako.

Tsopano ndakula, ndazonda anthu ambiri, ena opulumuka pangozi za minibasi, ena amene madzi anawasiya okha. Ndikafika pakhomo lilime limandiyabwa ndi mawu omwe aja, ndipo ndimaliluma. Ndimakhala pansi, ndimati ndabwera, ndimati ndibweranso. Sindikunena kuti ndikanakhala chete malume sakanachoka. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sakanasenza katundu amene anagonjetsa munthu wamkulu. Ndimadziuza zimenezi kawirikawiri, koma zimandipwetekabe.

Madzulo a tsiku lija amayi akuchokera kumsika ndinawachingamira kumsewu, n'kuwalandira dengu. Za nthambi sindinawauze, ndinkaona ngati n'zosafunika. Ndinawauza monyada kuti malume anali kudandaula ndipo ine ndawalimbikitsa ngati munthu wamkulu. Amayi anandisisita kumutu, n'kundipatsa chigumu. Ndinadya ndikukondwa, ndikusuzumira pakhonde, ndikudabwa kuti bwanji munthu amene ndamuuza mawu abwino chotere wakhala atatifulatira, akuyang'ana khoma.