A Milun ndi Njoka ya Mwana Wawo

A Milun analowa mumgodi wa malasha ndevu zisanamere, ndipo anatulukamo tsiku lomwe mgodiwo unatsekedwa. Anatuluka ndi manja onjenjemera ndi chifuwa cholira ngati chitseko chadzimbiri. Sanali munthu wa mawu ambiri. Akazi awo, mayi Radojka, ndiwo ankalankhulira onse awiri, mawu n'kumatsalakobe.

Mwana anali mmodzi yekha, Zlatko. Atapeza ntchito yoyendetsa malole ku Jeremani, anasiyira makolo ake bokosi lagalasi, m'kati muli nsato yaing'ono yamawanga, ya mtundu uja wosakula kupitirira mkono wa munthu.

"Mundisungire, bambo. Ndikapeza nyumba ndidzaitenga."

Nyumba anaipeza, mkazi anam'peza, koma njoka sanabwere kudzaitenga. Foni inkalira pa Khirisimasi pokha. A Milun sankadandaula. Kwa iwo nkhani inali yachidule: munthu sataya chake. Malinga njoka ili moyo, mwana ali ndi chobwerera. Ndiye ankaisinthira madzi, kuipukutira galasi, kuisungunulira mbewa zamufiriji, mayi Radojka akutukwana kukhitchini kuti mbewazo zagundana ndi nyama yawo ya nkhumba.

Chaka china chisanu chinafika msanga, ndipo kawaya kotenthetsa pansi pa bokosi kanafa popanda wodziwa. Njoka inayamba kukana chakudya. Kenaka a Milun anaipeza itadzutsa mutu m'mwamba, kukamwa kuli yasa, thovu likutuluka m'mphuno. Ataika khutu pagalasi anamva kamluzu kakang'ono. Kamluzu kameneko ankakadziwa. Anzawo a mumgodi ankalira choncho asanapite kumanda.

Mayi Radojka njokayo ankadana nayo, koma tsikulo nkhope inawagwa. Kuno aliyense anakula akumva kuti njoka ya pakhomo ikafa, mwininyumba satha chaka.

"Ndi mphepo yodutsa imeneyi," anatero. "Ndinakuuzani za zenera la kubafa, inu makutu ngati a mphika."

Anatseka mazenera onse, natsekera nsanza m'mipata. Kenaka anachita zomwe ankachitira Zlatko akadwala chifuwa ali mwana. Ananyika nsalu mu rakija, kachasu wathu wa mapulamu, n'kuwapatsa amuna awo kuti akulungire njokayo, pamwamba n'kufunditsa bulangete laubweya.

"Rakija yabwinobwino mukuithera pa njoka?" anatero a Milun.

"Inu mwaimwa moyo wanu wonse, yakuchizani chiyani? Kulungani."

Kutacha njoka inali lobodo, yozizira ngati paipi ya madzi. A Milun anapita nayo kwa dokotala wa ziweto wa m'tauni mwathu, yemwe anangoisuzumira ali patali.

"Ine ndimadziwa za miyendo inayi, a Milun. Izi pitani nazo kumzinda, ku Niš."

Anaiika m'kathumba kansalu, kathumbako n'kukalowetsa m'kati mwa malaya, pachifuwa penipeni, nakwera basi. Dokotala wa ku Niš anali mtsikana wowonda. Atamasula kathumba ananunkhiza.

"Agogo, wamwa ndani, inu kapena wodwalayu?"

A Milun anafotokoza za nsalu ndi bulangete. Mtsikanayo sanaseke. Anati njoka ilibe kutentha kwakekwake, ndiye bulangete lilibe choti lisunge, ndipo nsalu yonyowayo inangoizizitsa kuposa kale. Anatinso njoka sitha kutsokomola. Madzi akalowa m'mapapo amangokhala momwemo mpaka imire ili pouma. Imafunika nyale yotenthetsa usana ndi usiku, komanso majakisoni, kubaya lero, kudumpha masiku pang'ono, kubayanso, mpaka mankhwala athe.

"Ndikuphunzitsani kubaya, muzikachita kwanu. Ulendowu ndi wautali."

A Milun anangotambasula manja awo patebulo. Zala zinkavina zokha.

"Nanga amayi kunyumba?"

"Amenewo angalole kugwira moto, osati njoka."

Ndiye a Milun anayamba kuyendera majakisoniwo ku Niš. Mphepo yozizira ya kum'mawa inali itayamba, yolowa mpaka m'mafupa. Ankaima pasiteji ya basi atakumbatira chifuwa, njoka yozizira ikuyamwa kutentha kwawo. Amuna a pakhomo pa sitolo ankawaseka.

"A Milun, mimbayo ndi ya miyezi ingati?"

"Mudzamva pa ubatizo," ankayankha choncho, n'kutsokomola mpaka kugwira mtengo wa magetsi.

Thovu la njoka linayamba kuchepa. Chifuwa cha a Milun ndicho chinakula. Thupi linkatentha, milomo inada. Mayi Radojka anawaika nsalu ya rakija pachifuwa, koma ulendo uno ngakhale iwo sanaikhulupirire.

"Bambo a Zlatko, tiyeni kuchipatala. Mukupuma ngati njoka yanuyo."

"Akandigoneka kumeneko, ku Niš apita ndani?"

"Ndimuimbira mwana wanu, abwere adzanyamule chinthu chake."

"Musamuimbire. Asadzaipeze ikudwala, angati sitinaisamale. Majakisoni akatha ndipita."

Majakisoni anatha. Pobwera ulendo womalizawo anatsika basi mochita kugwiridwa ndi dalaivala. Atafika m'nyumba anaika njoka m'bokosi, nayatsa nyale, kenaka n'kukhala pansi pomwepo, osathanso kudzuka. Kuchipatala anati ndi chibayo, ndipo mapapo a munthu wa mumgodi alibe pogwira. Sanathe sabata.

Zlatko anabwera pa maliro ndi galimoto yaikulu yakuda. Ananenepa, tsitsi linali litayamba kuthothoka. Analira kumanda, zoona analira. Anthu atadya tirigu wophika wa pamaliro n'kubalalika, analowa m'chipinda chake chakale, naima pa bokosi lija. Njoka inali itadzipinda pansi pa nyale, khungu likuwala, ikupuma mwakachetechete.

"Kodi ikadalipo?" anatero. "Ine ndimayesa inafa kalekale."

Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Uitenga?" anafunsa pomaliza.

"Amayi, pamalire amafuna mapepala. Komanso mkazi wanga sangalole, muli mwana wakhanda m'nyumba. Mungopatsa munthu, kapena mufunse ku Niš komweko."

Ananyamuka m'mawa mwake, poti ntchito inali kumudikira.

Mayi Radojka sanapatse munthu. Mbewa amazipanira ndi chopanira soseji, nkhope atayang'ana kukhoma, akutukwana. Ukadutsa pansi pa nyumba yawo umaona zenera limodzi lofiira ndi nyale ija. Anzawo a kutchalitchi anawafunsa kuti akusungiranji chinthu chomwe chinawaphera mwamuna.

"Kutentha kwa a Milun kuli mmenemo," anatero. "Ndikataye kuti?"