Mabowo Anayi a Kabokosi ka Che Hassani

Che Hassani anabwera pa Ntaja unyamata utawathera kale. Asanafike kuno anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu pachigayo china cha ku Rivirivi, ku Balaka, ndipo atatopa ndi fumbi la ufa anagulitsa mbuzi zawo n'kugula laputopu yakale. Anatsegula kashopu kobena nyimbo kuseri kwa msika, pafupi ndi pomwe ine ndimagulitsa matemba a ku Chiuta. Anali munthu wosayankhulayankhula. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana pakamwa kenako n'kuyankha, ndipo ambiri ankati ndi matama. Ine ndinkati ndi ukathyali, chifukwa munthu wofatsa mopitirira muyeso sindimukhulupirira.

Anyamata ankapitako kukaikitsa nyimbo m'mamemore. Ife azimayi tinkapitako pa nkhani ina. Nthawi imeneyo amuna athu ambiri anali ku Joni, ndipo mafoni athu anali a mabatani aja ongoimba ndi kulandira. Mwamuna akafuna kukamba nkhani yaitali ankajambula mawu n'kutumiza pa nambala ya Che Hassani. Iwo ankaika mawuwo palaputopu, iwe n'kukhala pakampando ka pakona, kuvala mahedifoni, n'kumamvera wekha. Odikira ankakhala pabenchi pafupi ndi chitseko. Ine ndi mnzanga Kulusumu, wogulitsa tomato pambali panga, sitinkadikira nawo. Malonda athu anali pafupi, ndiye tinkangokodoledwa ndi dzanja pakampando pakapezeka malo. Ntchito yonse ya Che Hassani inatsamira pa chinthu chimodzi, choti zimene mwamuna wako wanena zathera m'khutu mwako.

Vuto linali loti mawu ankamveka motsika. Laputopuyo inali yotopa, pabowo lake la mahedifoni pankatuluka timawu ngati ta udzudzu, pomwe kunjaku makondakitala akuitanira anthu a ku Liwonde. Komanso ife sitingavule mpango pamaso pa mwamuna wa eni ake, choncho mahedifoni ankakhala pamwamba pa nsalu, enafe nsalu ziwiri. Unkatulukamo utamva theka, theka linalo n'kumalisoka wekha panjira.

Tsiku lina Che Hassani anakwera minibasi ya ku Balaka n'kubwerako ndi kabokosi kakuda, kukula kwake ngati chidutswa cha sopo wochapira. Anati ndi ampulifaya ya mahedifoni, awagulitsa ndi Jasten, wokonza mawailesi wa kumeneko. Kawaya kamodzi kankachoka pabowo la laputopu kukalowa kumbuyo kwa kabokosiko. Kutsogolo kunali kopotokola voliyumu ndi mabowo anayi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti Jasten anawalangiza kuti voliyumu ya palaputopu asamaifikitse kumapeto, ndipo ya pakabokosi azingoipotokola pang'ono.

Mawu anakweradi, mpaka kunyanya. Tsiku loyamba ndinadzidzimuka, bambo a kwathu akungondifunsa za mbewu koma ngati akundikalipira m'kati mwa mutu. Chaja ikakhala pamagetsi, pansi pa mawuwo pankamvekanso phokoso ngati mvula ya pamalata. Ndinawauza Che Hassani. Iwo anavala mahedifoniwo, kumvetsera kanthawi, n'kunena kuti zonse zili bwinobwino. Ndani akanatsutsana ndi mwini makina? Tinangozolowera kukankhira mahedifoni kutsogolo, pamasaya, kuti makutu apumeko.

Koma chimene chinandisowetsa mtendere ine ndi mabowo aja. Womvera ndi mmodzi, mabowo anayi ndi a chiyani? Komanso Che Hassani ankakonda kukoleka mahedifoni ena m'khosi, waya wake ukulowera kunsi kwa tebulo kumene maso safika. Ndinamunong'oneza Kulusumu kuti bambowa tiwaonetsetse. Iye anaseka, n'kunena kuti ine ndingakayikire ngakhale mthunzi wanga.

Sipanathe mwezi, timanong'onong'o tinayamba. Anthu ankadziwa amene wauzidwa kuti bulangete lili m'njira, amene wakalipiridwa chifukwa cha feteleza, amene mwamuna wake wasiya kutchula za kubwerera. Zinali zing'onozing'ono, tinkangoseka. Kenako zinamugwera Kulusumu yemweyo. Mwamuna wake, Haruna, anatumiza mawu kuchokera ku Durban kuti ntchito yatha, nyumba amutulutsa, akugona pakhonde la mzikiti. Anamupempha kawiri konse kuti mayi ake asamve, chifukwa amadwala mtima. Kulusumu sanandiuze ngakhale ine. Patangopita masiku awiri apongozi akewo anatulukira pamsika akulira, mpango uli m'manja, kufunsa ngati zili zoona kuti mwana wawo wasanduka wopemphetsa. Haruna atamva anaimba foni n'kumutukwana mkazi wake kuti ali ndi pakamwa pa nkhwali.

Pamenepo ndinati mwaona, ndinanena ine. Ndivomere, wosonkhezera moto ndinali ine. Aliyense wogula matemba ankapita ndi nkhani ya mabowo anayi ngati basera. Ndinkati bambo aja amalowetsa mahedifoni awo pabowo lachiwiri n'kumadya nafe limodzi zinsinsi zathu, madzulo n'kukagawira akazi awo. Palibe amene ananditsutsa. Azimayi anayamba kuchepa pabenchi, ena anauza amuna awo kuti asiye kutumiza mawu kumeneko. Che Hassani akamadutsa mumsika, anthu ankawalankhulira zachipongwe kumsana, iwo osacheuka n'komwe. Ine ndinkati onani kuuma mtima kwake, munthu akutukwanidwa koma akungoyenda ngati mfumu.

Lachisanu lina masana, anthu atabwerako ku mapemphero, Kulusumu anati watopa kulira m'nyumba, akufuna akawafunse pamaso. Ndinamuperekeza, mawu anga nditawanola kale. Tinapeza pakampando pali Joanna, mtsikana wa ku Nselema, akumvera mawu a mwamuna wake. Che Hassani anali atatipatsa msana, akukulunga mawaya pashelefu. Poti sitinafune kuyambitsa mkangano pamaso pa mwana wa eni ake, tinakhala pabenchi kudikira. Aka kanali koyamba kuti ine ndikhalepo.

Ndisanakhazikike n'komwe ndinamva mawu a mwamuna. Ankafunsa ngati chifuwa cha mwana chasiya, ndiponso ngati mlamu wake wabweza khasu. Liwu lililonse linkafika pabenchipo loyera, kuchokera m'mahedifoni omwe Joanna anali atawakankhira pamasaya monga tinkachitira tonse. Kulusumu ananditsina pantchafu. Ndinayang'ana kabokosi kaja: bowo limodzi lokha ndilo linali ndi waya, atatu enawo ali pululu. Mahedifoni a m'khosi mwa Che Hassani waya wake unkangolendewera, wosalowa paliponse.

Apa m'pamene ndinakumbukira azimayi ena a pabenchi, momwe ankapanira mahedifoni ndi manja onse awiri ikafika nthawi yawo, ndi momwe ena ankabwerera m'mamawa benchi ilibe munthu. Ankadziwa onsewo. Nkhani za anzawo zinkawakomera, ndiye anangokhala chete n'kusiya bambo wa eni ake asenze mlandu. Mtima wanga unawira, koma ndinalibe woti ndimukalipire woposa ine mwini.

“Che Hassani!” ndinaitana.

Sanacheuke. Ndinaitananso mokweza, mpaka Joanna, yemwe anali ndi mahedifoni, anatembenuka. Iwo ayi, ankangokulunga mawaya. Ndinanyamuka n'kugogoda patebulo. Apo anatembenuka, maso awo n'kulunjika pakamwa panga.

“Che Hassani, mawu a amuna ake a Joanna akumveka mpaka pabenchi apo. Inu simukuwamva?”

“Iyayi achemwali, sangamveke. Ndimayesa ndekha m'mawa uliwonse.”

“Mumayesa ndi makutu a ndani?”

Che Hassani anayang'ana Joanna, kuyang'ana Kulusumu, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono. Ndinaona kuti voliyumu ya palaputopu inali kumapeto, ndipo ya pakabokosi inali itapotokoledwa mpaka pomwe imathera.

“Chigayo chija chinandidya makutu,” anatero motsitsa. “Lakumanzereli linafa kalekale. Lakumanjali likutsatira. Wallahi, voliyumu imeneyo kwa ine ndi kunong'ona chabe.”

“Nanga bwanji osanena nthawi yonseyi?” anafunsa Kulusumu.

“Ndani angabenetse nyimbo kwa gonthi, amayi?”

Ine pofuna kudzipulumutsa ndinafunsabe za mabowo anayi. Anati Jasten anali ndi kabokosi kamodzi komweko, akanakhala ndi ka bowo limodzi akanatenga kameneko. Mahedifoni a m'khosi ankawakoleka kuti munthu akaitana iwo osayankha, aziganiza kuti anali kumvera nyimbo. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Tinatsitsa voliyumu ya palaputopu kufika pakati, Joanna n'kupotokola kabokosiko mpaka ine pabenchi nditasiya kumva, ndipo phokoso la mvula lija nalo linachepa. Dzina la Che Hassani linayera, koma pamsika chinsinsi sichigona. Dzuwa lisanalowe aliyense anali atadziwa kuti wobena nyimbo samva. Anyamata anayamba kukabenetsa kwina, monga momwe Che Hassani ankaopera. Azimayi tinabwererako, koma chaka chotsatira ambirife tinagula mafoni athuathu. Lero Che Hassani amagulitsa machaja ndi mabatire pakhonde la shopu yomweyo, ndipo ndikafuna kuwapatsa moni ndimayamba ndaima patsogolo pawo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi zomwe zinachitika tisanatuluke tsiku lija. Che Hassani ankaona kuti benchi yauma, koma chifukwa chake sankachidziwa, poti zonse tinkazinenera kumsana kwawo. Nkhani ya Haruna inali itazungulira msika wonse, kufika mpaka ku Chiuta ndi ogula nsomba, koma munthu amene tinkamunamizirayo anali asanaimve. Titafika pakhomo anamuitana Kulusumu mwaulemu.

“Amayi, mwasowatu masabata atatu, ndipo mawu sakubweranso kuchokera ku Durban. A Haruna ali bwino kumeneko?”

Kulusumu anaphimba nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira. Che Hassani anatembenukira kwa ine, akuyang'ana pakamwa panga kuti ndiwauze chimene alakwitsa.