Dambe Pansi pa Tayala

Ndivomere pachiyambi pomwe pano kuti galimoto ya bambo ndinaipha ndine. Sindinaiyendetse, ngakhale chiwongolero sindinachikhudze. Ndinangosintha kanthu kamodzi pansi pa tayala, ndipo mpaka lero ndikaiganizira nzeru ija ndimaona kuti inali yabwino ndithu. Chinalakwika ndi nthawi basi.

Inali pikapu yoyera, kapena ndinene kuti inali yoyera ine ndisanabadwe. Bambo ankanyamula nayo mpunga wa anthu kuchokera ku sikimu ya Bwanje kupita kuchigayo ku Golomoti, ndipo tsiku la msika inkasanduka matola. Fizi yanga ya kusekondale, sopo wa mayi, zonse zinkachokera kumbuyo kwa pikapu ija. Koma inali ndi matenda atatu. Sitata inafa, handibuleki inafa, ndipo giya inkadzichokera yokha ikafuna. Choncho bambo ankaiimika pakamtunda ka pakhomo pathu, itayang'ana kumunsi, n'kuika chimwala kutsogolo kwa tayala. M'mawa iwo akakhala pampando, wina ankazula mwala uja, galimoto n'kuyamba kutsetsereka, iwo n'kuponya giya yachiwiri, injini n'kutsokomola mpaka kulira.

Wozula mwalayo ndinali ine. Unali wolemera, komanso tayala linkaupanikiza usiku wonse, moti ndinkachita kugwada ndi kubuula. Bambo ankasuzumira pawindo n'kuitana amayi amene ankadikira ulendo.

"Taonani manja a Fomu 2! Cholembera chamudya mafupa mwana uyu."

Amayi aja ankaseka mpaka kugwirana. Ine ndinkasekanso nawo, koma mumtima ndinkasunga.

Nditangomaliza mayeso a Fomu 2, mutu uli pa ulesi, ndinatola dambe lalikulu pansi pa mlambe wa kwa malume. Ndinalipala ubweya, n'kulimata dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa, n'kuliyanika masiku awiri. Likakhala pansi, ngakhale mmisiri womanga nyumba akanalitola kuti akaike pa maziko. Cholinga changa chinali chakuti Lolemba m'mawa, anthu onse akuona, ndilizule ndi dzanja limodzi, ndiliponye m'mwamba, kenako ndiliphwanye ndi chibakera. Ndinkafuna kuona nkhope ya bambo basi.

Lamulungu masana, bambo ali ku bawo ndipo mayi ali ku mphakati, ndinatchinga tayala lakumbuyo ndi chipika, ndinazula mwala weniweni n'kukaubisa kuseri kwa bafa, ndinaika dambe langa, n'kuchotsa chipika chija pang'onopang'ono. Galimoto inagwedera kamodzi n'kukhala chete. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambo anali atapangana ndi amayi ena kuti abweretse matumba awo pakhomo m'mawa. Dambe limapirira galimoto yopanda kanthu. Mpunga ayi. Ine ndili mkati momwa phala ndinangomva kuti phwa! Kenako mfuu. Nditatuluka ndinaona pikapu ikutsika yokha mwaulemu, matumba ali kumbuyo, bambo akuithamangira kapu ya tiyi ili m'manja, akukuwa kuti "Ima! Ima!" ngati ndi mbuzi.

Kumunsi kwa kamtunda kathu ndi kwa malume, achimwene awo a mayi. Ife timakhala kwawo kwa mayi, bambo ndi mkamwini pamudzipo. Malume anali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo imodzi, ndipo ngoloyo ankaiimika pansi pa mlambe womwe uja. Pikapu inaipeza pomwepo, n'kuikanikiza kumtengo. Ngolo inasanduka nkhuni. Kutsogolo kwa galimoto kunapindika mpaka injini inalowa pamene bambo amaika miyendo. Palibe munthu anavulala. Ng'ombe zinali m'khola, zinangotukula mitu n'kupitiriza kubzikula.

Malume anatuluka mswachi uli kukamwa. Anayang'ana ngolo, anayang'ana bambo.

"Alamu, moni wake ndi ameneyu?"

"Pepani alamu," anatero bambo, akupuma mwabefu. "Koma musadandaule. Ndili ndi inshulansi."

Anapita pagalasi losweka lija n'kumatula kapepala kozungulira kamene ankakalipirira chaka chilichonse kuti apolisi apamsewu asawavutitse. Anakaonetsa kwa aliyense. Anthu anabwera kudzapepesa ngati pamaliro, amuna pansi pa mtengo, amayi pakhonde, ndipo aliyense ankachoka atamva kuti kampani ipereka galimoto ina. Pofika madzulo mkangano unali pa mtundu wake, ena akuti yofiira, ena akuti yoyera imabisa fumbi.

Koma vuto lenileni linali kumunda. Mpunga unali utangoyamba kumwetedwa, ndipo kwa bambo miyezi imeneyi ndi imene imadyetsa chaka chonse. Amayi a kusikimu anali atazolowera kunyamulitsa kwa iwo, koma mpunga sudikira maliro a galimoto. Munthu wina wa ku Mtakataka anali ndi kalole ndipo tinamva kuti wayamba kale kuzungulira, akufunsa kuti ndani akufuna thandizo. Makasitomala akapita kwa iye sakanabwereranso. Ngolo ya malume ndi imene ikanatigwirizira, koma ngoloyo ndi ija mayi anali atayamba kale kutolako zophikira.

Apolisi anabwera kudzalemba lipoti. Anafunsa za mwala, bambo anati mwina unagubudukira m'maudzu. Anaufunafuna osaupeza. Anaupeza ndi mayi, tsiku lachiwiri, akupita kukasamba. Anandiitana ndi mawu otsika, amene kwathu ndi oopsa kuposa okweza.

"Iwe, mwala uwu unabwera wokha kudzasamba?"

"Mwina unamva kutentha, mayi."

Anatsegula dzanja. Munali zigoba ndi nthanga za malambe zimene anatola pamene panali tayala.

"Bambo ako akudziimba mlandu kuti anauika molakwika. Sakudya. Uwauze wekha Lachisanu lisanafike, apo ayi ndiwauza ine, ndipo ine ndikamauza ndimawonjezera."

Lachinayi tinanyamuka kupita ku Lilongwe ku ofesi ya inshulansi. Bambo ananditenga chifukwa mapepala ake ndi a Chingerezi, ndipo iwo sukulu anailekera panjira. Ulendo umenewo unawapweteka kuposa ngozi. Munthu amene kwa zaka zambiri ankauza ena pokhala anakwera kabaza mpaka kumsewu, maondo ali m'mwamba, kenako minibasi imene kondakitala wake anali wamng'ono kwa ine.

"Madala, sunthani, pamenepo ndi pa anthu anayi."

"Ukudziwa kuti ine ndine dalaivala?"

"Ndiye galimoto yanu ili kuti, madala?"

Bambo anasuntha. Pokwera phiri la ku Golomoti anakhala akuponda buleki yosaoneka pa kona iliyonse, dengu la usipa wa mayi wina lili pamiyendo pawo.

Ku ofesi tinapeza mayi wina wa magalasi, wodekha, amene ankaoneka kuti nkhani ngati yathu amazimva tsiku lililonse. Anatenga kapepala kathu, anayang'ana pakompyuta, n'kufunsa ngati bambo ankadziwa mtundu wa inshulansi imene ankalipira.

"Ya galimoto," anatero bambo.

"Inde, koma iyi ndi thedi pate. Imalipira zimene galimoto yanu yawonongera anthu ena. Galimoto yanuyo siilipira."

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikulipirira anthu ena?"

"Ndi mmene ilili, bambo. Ina ija yolipira zonse ndi yodula, ndipo galimoto ya zaka ngati yanuyi sitikanailandira n'komwe. Koma mwati yaphwanya ngolo ya munthu?"

"Ya alamu anga."

"Mumadya mphika umodzi?"

"Ayi, ali ndi khomo lawo."

"Ndiye alamu anuwo ali ndi mwayi. Lembani fomu iyi. Zitenga miyezi, koma tiziona."

Bambo anakhala ngati awathira madzi. Anandikankhira fomu ija. Ndinalemba zonse bwinobwino mpaka ndinafika pa bokosi lalikulu lofunsa mmene ngozi inachitikira. Pansi pake panali mawu ochenjeza kuti ukanama, kampani silipira kanthu. Apa ndi pamene nzeru ina inandibwerera, ndipo iyinso ndimainyadirabe. Mayi anga anati ndiwauze bambo. Sananene chilankhulo. Ndinalemba chilungamo chonse m'Chingerezi changa chabwino cha mayeso, dambe, dothi la pachulu, bafa, zonse, ndikudziwa kuti bambo asayina osamva kanthu, ine n'kukauza mayi kuti ndaulula ndipo bambo avomereza ndi dzanja lawo.

Sindinkadziwa kuti mayi wa magalasi uja ali ndi lamulo lake. Munthu asanasayine, amamuwerengera m'Chichewa zimene zalembedwa. Anayamba bwinobwino, dzina, tsiku, malo. Atafika pa bokosi lija anaima, anachotsa magalasi, anandiyang'ana, anawabwezeranso.

"Akuti, ine mwana wa mwini galimoto ndinachotsa mwala n'kuikapo dambe lomata dothi, pofuna kuonetsa bambo anga kuti ndili ndi mphamvu."

Bambo wina amene ankadikira kumbuyo kwathu anaphulika kuseka mpaka anatuluka panja. Mayi uja ankayesetsa kudzigwira, koma mapewa ankamugwedera. Bambo anga anatembenuka pang'onopang'ono.

"Dambe?"

"Linali lalikulu, bambo."

Anasayina. Tinauyamba ulendo wobwerera ku Golomoti. Anagula chimanga chootcha chimodzi n'kudya okha.

Titatsika ku Golomoti anakana kabaza, anati tiyenda pansi kuti ndimve kutalika kwa dziko lopanda galimoto. Tikudutsa pa owotcherera zitsulo ndinaona ngolo itaimikidwa, akuikonza. Matayala ake anali a galimoto, ndipo kumbuyo kwake kunkaonekabe malo a nambala. Ndinadziwa kuti si nthawi yanga yolankhula, koma pakamwa panga sipadziwa nthawi.

"Bambo, yathu ija yafa kutsogolo kokha."

"Khala chete."

Tinayenda pang'ono. Kenako anaima, anabwerera, n'kukagwada pansi pa ngolo ija kuyang'ana mmene anailumikizira. Anakhalako nthawi yaitali. Atadzuka anafunsa wowotcherera ngati angalandire batire, mipando ndi zotsala za injini m'malo mwa malipiro. Mkulu uja anati abwere adzaone kaye.

Chovuta chinali kwa malume. Madzulo ake bambo anavala jekete n'kutsika kamtunda kaja, ine ndili pambuyo ngati umboni. Anafotokoza zonse, kuti galimoto yatsopano kulibe, kuti ngolo idzalipiridwa koma mochedwa, ndi kuti woyambitsa ndi uyu waima apayu. Malume anatembenukira kwa ine.

"Dambelo linali la mtengo wanga?"

"Inde, malume."

"Ndiye unaba kaye, kenako n'kupha ngolo." Anatembenukira kwa bambo. "Mukufuna chiyani, alamu?"

"Inu muli ndi ng'ombe zopanda ngolo. Ine ndikhala ndi ngolo yopanda ng'ombe. Mpunga uli kumunda."

"Ng'ombe zanga sizidziwa giya."

"Galimoto yanganso inali itaiwala."

Malume anaseka koyamba chichitikireni ngozi. Anati zopeza azigawana pakati, ndipo anawonjezera kuti mwanayu ndi wa mbumba yawo, choncho chilango apereka ndi iwo, bambo angovomereza.

Pasanathe sabata pikapu inadulidwa pakati. Theka lakumbuyo analiwotcherera chitsulo chachitali chokokera, ndipo linatuluka ngolo yaikulu kuposa zonse za kuno, ya masipuling'i, yosagwedeza matumba. Tsiku loyamba kulowa nayo kusikimu amayi anaimika ntchito n'kuyamba kululutira. Ena anali atapita kale kwa wa kalole uja, ndipo sanabwerere onse. Koma kalole sikafika kuminda ya mkati kumene njira ndi matope, pamene ng'ombe zimangodutsa. Amayi a kumeneko anakhala athu, ndipo anauza anzawo. Bambo amayenda patsogolo pa njinga ya mayi kukalemba maulendo, ndipo ayamba kale kufunsa mitengo ya mapikapu akale ku Salima. Akuti ulendo uno adzafunsa kaye kuti kapepala kakulipira ndani. Za ngolo ya malume kalata inabwera, akuti zavomerezedwa, tidikire. Malume akuti ndalamazo zikadzafika adzagula ngolo yachiwiri, ndipo amandiloza n'kunena kuti woyendetsa alipo kale.

Chilango changa anachilengeza malume pamaso pa mayi ndi bambo. Tchuthi chonse ndine woyendetsa ngolo, kuyambira kumanga goli mpaka kumwetsa ng'ombe, popanda malipiro. Ndipo mwala uja, womwe uja wa kuseri kwa bafa, umayenda nafe. Paliponse pamene taima, ngakhale pamalo osalala ngati tebulo, ndimatsika, ndimaunyamula, ndimauika pa tayala, malume n'kuugogoda ndi ndodo kuti amve ngati ndi mwala.

Iwo akuganiza kuti ndikuvutika. Koma amayi a kusikimu amandipatsa nzimbe ndi mbatata yootcha, atsikana a ku Golomoti ayamba kunditchula kuti adalaivala, ndipo dzulo, bambo akuona, mwala uja ndinaunyamula ndi dzanja limodzi.