Mkulu Wogogoda Nsanamira

Ndimazizwa nawo bambo achikulire amene timapemphera nawo kuno ku Hull, ku England. Amasesa m'nyumba yakalekale yoimbiramo nyimbo za zisudzo zotchedwa opera, ya nsanamira zitalizitali zotengera kamangidwe ka Agiriki. Kwawo ku Mulanje anali mmisiri womanga, ndipo sadutsa khoma osaligogoda. Amati, "Nyumba imayankha ukaifunsa mwaulemu."

Chaka chatha akatswiri odzakonza denga ananena kuti nsanamira zonsezo ndi zamwala. Bambowo anagogoda imodzi, n'kutchera khutu.

"Pepani mabwana, iyi ndi njerwa zomata pulasitala, ndipo mwalowa madzi. Musakwerepo."

Anthuwo anawaseka. Koma ataboola pang'ono, munatuluka dothi lofiira lonyowa. Wamkulu wa akatswiriwo anavula chisoti, n'kuwapempha mwaulemu kuti agogodenso zotsalazo.