Pepa, Ndakuchotsa kwa Amako

Ndikukumbukira nkhungu ya ku Honde kuposa nkhope za anthu ena amene ndinakula nawo. Inkatsika m'mapiri m'mamawa n'kugona pamwamba pa minda ya tiyi, moti othyola tiyi ankaoneka mitu ndi madengu okha, ngati akuwoloka mtsinje wa mkaka. Fungo la masamba ofota lochokera ku fakitale linkalowa paliponse, m'zovala, m'mabulangete, ngakhale mu buledi. Ine ndinkayesa kuti dziko lonse limanunkhira choncho.

Tinkakhala m'komboni ya esiteti, kufupi ndi Samanga, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene sinali yathu. Inali ya kampani, ndipo lamulo lake ngakhale mwana ankalidziwa: m'banja mukasowa wogwira ntchito pa esiteti, mumatula kiyi. Anzathu achimanyika, eni dera olankhula Chishona chakumeneko, bambo awo akapuma ntchito, ankangomanga katundu n'kupita kumudzi kwawo kuseri kwa phiri. Ife kumudzi kwathu kunali m'kamwa mwa abambo basi. Agogo anachoka ku Malawi ali mnyamata, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anapondako. Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mawondo a abambo anakana kukwera zitunda ndi dengu kumsana, ndipo kalata yowapumitsa ntchito inali itafika kale. Mwana woyamba ndinali ine.

Chaka chomwecho kampani inatenga achinyamata khumi ndi awiri kuti aphunzire ntchito ya ku nazale, kumene amameretsa mbande za tiyi. Anati pakatha miyezi isanu ndi umodzi, wopambana adzalandira satifiketi ndi ntchito yokhazikika. Mmodzi yekha. Anatigawa pawiri. Ena anapita kwa kalaliki wina wa tayi, amene ankaphunzitsa m'Chingerezi ndi m'Chishona, buku kumanja, choko kumanzere. Ife anayi a m'komboni anatipereka kwa Sekuru Saidi (sekuru ndi gogo m'Chishona), mkulu wa kachipewa koyera ka Chisilamu. Chingerezi chawo chinkathera pa moni. Chishona ankachimva bwinobwino, koma ankayankha m'Chinyanja mwadala.

Ndinakhumudwa, ndisaname. Kusukulu ndinali nditatha zaka ndikubisa chilankhulo cha kwathu monga mmene munthu amabisira chigamba cha pa siketi. Anzanga ankatiseka kuti ndife anthu opanda mudzi, ndiye ine ndinkathyakula Chimanyika kuposa eni ake. Tsopano anali atandibweza ku chinenero chimene amayi ankakalipira nacho mbuzi ndi kutiitanira kudzasamba.

Sekuru Saidi analibe buku. Anali ndi kampeni kopinda kamene ankakanola pa lamba mpaka kumeta cheya cha pamkono, ndi chidebe cha madzi ozizira. Tinkayamba nkhungu isanakwere, chifukwa ankati nthambi yodulidwa dzuwa litatuluka imakhala itayamba kale kudandaula. Mu shedi ya udzu munkadontha mame, dothi lofiira la m'timachubu linkazizira ku zala, ndipo kuwala kunkalowa kobiriwira, moti masiku ena ndinkaiwala ngati ndadzuka kapena ndidakali m'tulo. Malamulo awo anali ochepa. Tsamba limodzi, diso limodzi lophukira, kudula mopendeka kamodzi kokha osabwereza. Koma panali lamulo lina limene linkandichititsa manyazi: kanthambi kalikonse uzilankhula nako.

"Pepa, ndakuchotsa kwa amako," ankanong'ona choncho mpeni ukudutsa. Pokaviika m'chidebe ankati, "Imwa, ulendo ndi wautali." Akakabzala n'kutsendera dothi ndi chala chachikulu ankamaliza kuti, "Khala pano. Kuno nakonso ndi kwanu."

Tinkaseka mobisa, tikutsinana. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinaona pamene panagona nzeru. Mawu aja anali muyeso wa ntchito. Kupepesa kunkatha pamodzi ndi kukoka mpeni, ndipo amene ankathamanga osalankhula ankasenda khungwa kapena kukwirira diso. Patapita milungu ingapo milomo yanga inkayenda yokha, manja akutsatira pambuyo ngati ana a bakha.

Tsiku lopereka mphoto anamanga tenti pabwalo la mpira. Kunabwera bwana manijala, ndi mayi wina mlangizi wa zaulimi wochokera ku Chipinge, amene anali woweruza. Aliyense wa ife ankayenera kuima patebulo kutsogolo, kudula kanthambi ndi kukabzala, uku akufotokoza zimene akuchita. Palibe amene analamula kuti tifotokoze m'Chingerezi, koma onse amene anayamba anatero. Ine ndinali nditabwereka buku la kalaliki n'kuloweza tsamba lathunthu. Sekuru sindinawauze.

Abambo anakhala kumbuyo pamodzi ndi anzawo othyola tiyi, atavala jekete lopitira kutchalitchi, chipewa chili pa bondo. Amayi anatsala kunyumba. Mbale zina anali atazimanga kale m'chitenje, poti za mawa sizidziwika.

Dzina langa litaitanidwa ndinanyamula mpeni n'kuyamba Chingerezi changa chija. Mawu ankatuluka bwino ndithu, koma manja anakhala ngati a mlendo. Kanthambi koyamba ndinakadula kawiri, khungwa n'kusendeka. Kachiwiri ndinadula diso lenilenilo. Mayi woweruza analemba china chake m'kope. Pa nthambi imene anandipatsa panali patatsala tsamba limodzi labwino. M'maganizo ndinaona kiyi wa nyumba yathu ali patebulo la kalaliki. Ndinachita mantha kwambiri.

Sekuru Saidi anali ataima pambali atagwira chidebe. Sanakweze mawu. "Esinati, mwanawe, ukulankhula ndi ndani? Bwana samera mizu. Lankhula ndi tiyi."

Ndinaweramitsa mutu. Nkhungu inali isanachoke, inkalowa mu tenti pang'onopang'ono, ndipo anthu onse aja anakhala ngati ali kutsidya. Ndinatsala ine ndi tsamba limodzi lonyowa. "Pepa, ndakuchotsa kwa amako," ndinatero, chimkuzamawu n'kunyamula mawu anga kuwamwaza bwalo lonse. Mpeni unadutsa ngati mu nthochi yakupsa. Anyamata a kwa kalaliki anafa nalo phwete. Ndinapitiriza, ndinakamwetsa madzi a ulendo wautali. Pamene ndinkatsendera dothi n'kunena kuti kuno nakonso ndi kwanu, othyola tiyi kumbuyo kuja anali atatchera khutu. Kenako mayi wina wachikulire wa m'komboni analuluta yekha, nthungululu yaitali yonjenjemera, anzake n'kulandira.

Bwana anafunsa chimene ndanena. Kalaliki anamasulira mwamanyazi kuti mtsikanayu akupepesa kwa tiyi, bwana n'kuseka. Mayi woweruza sanaseke. Ananyamuka, tonse tikutsatira, mpaka ku nazale kumene kunali mbande zimene aliyense anasamalira miyezi yonseyo. Pa mzere uliwonse ankatola kachubu kamodzi n'kukang'amba. Atang'amba kanga, dothi silinagwe. Mizu yoyera inali italikulunga lonse ngati ulusi. Anang'amba kachiwiri, kachitatu, kenako anandiyang'ana. "Mwanangu, ini handichinzwi chiNyanja chako," anatero, kutanthauza kuti Chinyanja changa sakuchimva. Analoza mizu ija n'kuwonjeza m'Chishona chomwecho kuti koma tiyi akuchimva.

Satifiketi anandipatsa ine, ndi ntchito yomwe. Anaitananso Sekuru kutsogolo kuti awagwire chanza, iwo n'kupita ndi chidebe chawo chomwe, madzi akukhavukira pa nsapato za bwana.  Pobwerera abambo anaika satifiketi ija m'kati mwa jekete kuopa mame, ndipo ankayenda ngati mawondo awabwezera atsopano. Titafika pakhomo anaitana amayi. "Mai Esinati, masulani mbale zija. Basa lapezeka, sitisamuka."

Lero amene amaphunzitsa ku nazale ndine. Sekuru anagona kalekale, abambonso chimodzimodzi, ndipo onse ali m'dothi lofiira lomweli. Shedi ya udzu inasanduka ya neti yakuda. Achinyamata amabwera ndi mafoni, akulankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi. Ana anga omwe Chinyanja amachimva koma amandiyankha m'Chishona, ngati akubwezera Sekuru. Mphoto ija idakalipo, ndipo palibenso amene amaseka mnzake chifukwa cha chinenero chimene waphunziriramo ntchito, ngakhale nthawi zina ndimaganiza kuti n'chifukwa choti oti n'kusekedwa tatsala ochepa. Zimenezi zimandiwawa.

Ndimaphunzitsa m'chilankhulo chilichonse chimene mwana akumva, koma mawu a Sekuru aja sindinawatembenuzepo, ndipo sindikakamiza aliyense kuwanena. Ndimangowanong'ona ndekha ndikamadula. Mwezi watha, nkhungu isanakwere, ndinadutsa kumbuyo kwa mtsikana wina wa mtundu wa Chindau wochokera ku Chirinda, amene sadziwa ngakhale moni wa Chinyanja. Anali ataweramira kachubu, chala chachikulu chikutsendera dothi, milomo ikuyenda. Ndinaima kuti ndimve, chidebe chili m'manja.

"Khala pano," ankatero. "Kuno nakonso ndi kwanu."