Ufa Umene Unagwetsa Nyundo

Inu amene mwadzuka lero mukuona ngati zanu zinatha kale, tamvani za mwamuna wina amene anzake ankamutcha Nyundo.

Tsiku lachitatu la kudwala kwake linamupeza ali thapsa pasimenti, pakati pa bedi ndi ndowa. Anali atatsegula m'mimba ndi kusanza mpaka m'thupi munalibenso chotuluka. Milomo inali itang'ambika. Anatenga foni, nayang'ana maina onse kuchokera pamwamba mpaka pansi, koma sanapeze woti angamuimbire. Panja anthu ankatunga madzi pampopi, akuseka. Pachitseko chake panalibe wogogoda.

Kale Nyundo anali wowotcherera zitsulo pa nyumba zosanja, ndipo akaweruka ankapita kujimu kukanyamula zolemera. Mikono yake inkang'amba malaya. Tsiku lina thabwa limene anapondapo linathyoka, iye n'kugwa kuchokera pansanjika yachiwiri. Chiuno chinasweka, mwendo wamanja unathyoka pawiri. Anagona miyezi isanu ndi iwiri.

Mwezi woyamba anzake a kujimu ankabwera ndi nthochi ndi nthabwala. Mwezi wachiwiri ankatumiza mauthenga. Wachitatu kunali zii. Mkazi amene ankafuna kumanga naye banja anabwera tsiku lina, nakhala m'mphepete mwa bedi chikwama chili pamiyendo, nanena kuti abale ake amuuza kuti aganize bwino. Anaganizadi, ndipo sanabwerenso.

Atayamba kuyenda ndi ndodo, Nyundo anapita kwa kapitawo wake wakale kukapempha ntchito. Kapitawoyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Nyundo, ndiwe yemweyu? Mphepo ingakuulutse pamwamba paja. Pita ukayambe wabweza thupi."

Anabwerera kunyumba mawuwo akumulira m'makutu. Pamwamba pa kabati panali chitini chachikulu cha ufa wa puloteni, uja amamwa onyamula zitsulo kuti minofu ikule. Anali atamwako theka asanachite ngozi. Tsiku lothera ntchito lolembedwa pansi pa chitinicho linali litadutsa ndi chaka chathunthu. Chivindikiro sichinali chotsekedwa bwino, ndipo denga linkadontha pakona yomweyo nyengo yonse ya mvula. Ufa unali utagwirana mibulumibulu, uli ndi timadontho takuda, ukununkha ngati mafuta okazingira okhalitsa.

Nyundo anaziona zonsezo. Koma mtima unali pa changu, ndipo m'nyumbamo munalibe munthu woti amugwire dzanja. M'malo mwa sipuni imodzi ankathira zinayi, kawiri pa tsiku. Ndi mmene anafikira pasimenti paja.

Amene anamupeza ndi mayi wosoka zovala wa chipinda choyandikana, amene kwa zaka ziwiri ankangopatsana naye moni. Mayiyo anaona kuti thaulo la Nyundo lakhala pachingwe masiku atatu, mvula kulinyowetsa, dzuwa kuliumitsa, mwini wake osaoneka. Anakankha chitseko.

"Achimwene! Mukufuna kufera muno ngati khoswe? Pakamwa mulibe poitanira anthu?"

"Ndimaopa kukuvutitsani, mayi."

"Nanga maliro ndiye savutitsa?"

Kuchipatala anamuika dripi. Namwino wina wachikulire anatenga chitini chija, chimene mayi wosoka anabwera nacho m'jumbo, nanunkhiza, nakwinya nkhope.

"Bambo, ufa uwu ukakhala wouma ndi wotsekedwa bwino, tsiku likadutsa pang'ono nthawi zambiri umangochepa mphamvu ndi kakomedwe. Koma wanuwu unalowa madzi, unachita nkhungu. Mphuno yanu inakuuzani, inu simunamve."

"Ndimafuna thupi langa libwerere," anatero Nyundo, maso ali kudenga.

"Silibwerera pa sipuni. Muzidya mazira, nyemba, mtedza, ndi mkaka mukaupeza. Ndipo muziyenda. Lero mpaka pakhomo, mawa kupitirira pang'ono."

Anatuluka m'chipatala ataonda kuposa kale. M'mawa woyamba anayenda mpaka pageti n'kubwerera thukuta lili kamukamu. Patatha sabata anafika pa polo yamagetsi. Patatha mwezi anafika kumsewu waukulu. Anadzaza mchenga m'mabotolo awiri a madzi, nadziphunzitsanso kunyamula ngati mwana, munthu amene kale ankakweza chitsulo cholemera kuposa iye mwini.

Musaganize kuti kusungulumwa kunatha. Mayi wosoka anali ndi ana ake ndi makina ake, ankangosuzumira kamodzi pa tsiku kufunsa ngati wadya. Nyundo ankaphika yekha, kudya yekha, kuwerenga yekha mokweza kuti m'chipindamo mumveke mawu a munthu. Tsiku lina anakumana ndi anzake awiri a kujimu, zikwama zili pamapewa. Anamukwezera dzanja chapatali n'kuwoloka msewu. Atafika kunyumba anakhala pabedi nalira. Kutacha anavala nsapato n'kupitanso kukayenda.

Mwezi wachinayi chitulukireni m'chipatala, mkulu wina wowotcherera mageti anamulola kumagwira ntchito atakhala pampando. Ndi timapaipi totsala, Nyundo anadzipangira ndodo yabwino, yopepuka, yokhala ndi potsamira mkono. Atapita kuchipatala kukaonedwa, namwino uja anaigwira naitembenuza.

"Mwaigula kuti imeneyi?"

"Ndapanga ndekha."

"Ndili ndi odwala asanu ndi mmodzi amene agonera kusowa chogwirira. Mungawapangire?"

Anawapangira. Asanu ndi mmodziwo anauza ena.

Nkhani inafika kwa mwini jimu, amene mwina manyazi anamugwira. Anamutumizira chitini chatsopano cha ufa wa puloteni, chosatsegula, chimene tsiku lake linali litadutsa ndi masabata atatu, choti sakanathanso kuchigulitsa. Nyundo anachiyang'ana nthawi yaitali. Ulendo uno sanachitsegule yekha. Anachinyamula mpaka kwa namwino. Anachitsegulira pamodzi. Ufa unali wouma, woyera, ukununkhira mkaka.

"Sipuni imodzi pa tsiku, mutadya kale, osati m'malo mwa chakudya," anatero namwinoyo. "Muzitseka zolimba, muziika pouma. Fungo kapena mtundu ukangosintha, mutaye osamva chisoni."

Anamvera mawu onse. Thupi linabwerera pang'onopang'ono, ngakhale silinafike pakale paja. Mpaka lero amatsimphina.

Koma lero ali ndi shedi yakeyake. Mbali ina amawotcherera ndodo ndi zoyendera za odwala. Mbali ina anaika mipiringidzo iwiri yogwirira ndi benchi, ndipo masiku atatu pa sabata kumabwera anthu othyoka miyendo ndi ofa ziwalo kudzaphunziranso kuyenda.

Mwezi wathawu kunabwera dalaivala wa malole amene anafa mbali imodzi ya thupi. Mwana wake wamkazi anamubweretsa pa njinga ya olumala. Bamboyo anakana kudzuka.

"Ine zanga zinatha, mwana wanga," bamboyo anauza Nyundo.

Nyundo anapinda buluku namuonetsa zipsera za mwendo wake. "Sindikukupemphani kuti muthamange, bambo. Gwirani apa. Phazi limodzi lokha."

Tsiku limenelo dalaivalayo anaponya phazi limodzi. Sabata yatha anayenda kuchokera pabenchi mpaka pakhomo la shedi, ndipo mwana wake anaphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

Inu amene mukuwerenga muli nokha m'chipinda, mwina changu chikukuuzani kuti mumeze chilichonse chimene chingakubwezereni dzulo lanu. Imani kaye. Chimene chavunda chitayeni. Chimene simukuchidziwa kafunseni. Mukagwa, itanani munthu, ngakhale amene mumangopatsana naye moni. Kenako dzukani, mufike pakhomo lero, mawa mupitirire pang'ono. Musataye mtima, mukadali ndi ulendo.