Mkazi wa Lumo Aphunzira Vesi ya Chipeso

Kuseri kwa hotela ina, m'chipinda chochapira kumene alendo safikako, kunkagwira ntchito mayi wina amene anzake ankamutchula kuti Zii. Dzinalo linabwera lokha, chifukwa mayiyu ankatha kusita nsalu za pabedi kuyambira m'mawa mpaka masana osatulutsa liwu. Anakhala pa tebulo limodzimodzilo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo padzanja lake lamanzere panali chipsera cha simbi chooneka ngati tsamba.

Pakamwa pa banja lonse panali pa mwamuna wake, wometa tsitsi, amene aliyense ankamudziwa ndi dzina loti Lumo. Paunyamata wake, nyimbo za hipihopu zitangofika kumene, Lumo ndi mnzake wina wotchedwa Chipeso ankavala mathalauza ogwera m'chiuno ndi zipewa zoyang'ana kumbuyo, n'kumaimba rapu m'maholo a sukulu ndi m'mabala. Sanatulutsepo chimbale. Chipeso anadzayamba kuyendetsa mathiraki, Lumo anatsala ndi mpando wake wometera. Komabe achinyamata oimba ankabwera kudzametetsa ngakhale tsitsi lisanakule, kuti Lumo amve mavesi awo. Iye ankamvetsera akukhetemula sizasi m'malere motsata biti, kugunda kwa nyimboyo, kenako n'kunena kuti, "Mawu uli nawo, mphwanga, koma ukuwalavula ngati akukuwotcha."

Zii nyimbozo sankazikonda. Kwa iye zinkamveka ngati munthu akukalipira khoma. Koma mwamunayo ankamukonda, ndipo ngakhale sanakhale ndi mwana, sanasiyane.

Tsiku lina Lumo anagwa ali ndi mashini m'manja, kasitomala atametedwa mbali imodzi yokha. Inali sitiroko. Atatuluka m'chipatala, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, mawu onse atathawa. Munthu amene ankatseka pakamwa pa barbershop yonse tsopano ankangotulutsa kamphepo, maso ali tong'o.

Kwa miyezi isanu ndi iwiri Zii ankamusambitsa m'mawa, kumukhazika pampando pafupi ndi zenera, kumuikira madzi, chakudya ndi chidebe kumanzere kwake, n'kukhoma chitseko kupita kuntchito. Ankakhala m'chipinda chimodzi pamdadada wa zipinda zisanu ndi zitatu. Lachinayi lina Lumo anatsetsereka pampando n'kugona pasimenti kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mayi wa chipinda choyandikana, wogulitsa kaunjika, anamva kubuula koma chitseko chinali chokhoma. Nkhani ilibe miyendo koma imayenda. Lamlungu achimwene ake a Lumo anali atafika.

Anakana mpando. Anaima pakati pa chipinda, chipewa chili m'manja.

"Alamu, mwayesetsa, palibe angatsutse," anatero. "Koma munthu si mbuzi yoti muzitsekera. Loweruka ndibwera ndi galimoto. Akakhala kwa mayi athu, alongo ake alipo atatu, manja ngambiri."

Kwa apongozi kunali ulendo wa masiku awiri. Zii sakanasiya ntchito, ndipo alongo atatuwo sanamuwerengepo ngati munthu chifukwa chosabereka. Anadziwa kuti Lumo akakwera galimotoyo, adzamuonanso ali m'bokosi.

"Bwanji tiwafunse eni ake?" anatero Zii motsitsa mawu.

"Tifunse ndani? Muli munthu mmenemu? Ndalowa, sanandizindikire n'komwe. Chatsala ndi chikwa, alamu, gulugufe anauluka kale. Atandionetsa kuti akumva, akudziwa pomwe ali, ndingaganizenso. Koma taonani nokha."

Lumo ankayang'ana pazenera.

Zii anali ndi chinthu chimodzi chimene sanauzepo munthu. Kuchipatala, mayi wophunzitsa odwala kuyenda anamuuzapo kuti ena mawu akawathawa, nyimbo zimatsalira. Zii anayesa nyimbo za kutchalitchi, Lumo anangotsinzina. Kenako m'katoni ya zipeso zakale anapezamo kaseti imene Lumo ndi Chipeso ankaimbira pasiteji. Munalibe mawu a munthu, biti yokhayokha. Akaiika mu wailesi yakale, mutu wa Lumo unkayamba kugwedezeka, zala za kumanzere zikugogoda pabondo. Patapita kanthawi chifuwa chinkadzaza mpweya, milomo n'kutseguka, ndiye basi. Kaseti inkatha, iye n'kugwetsa mutu. Zinkachitika chimodzimodzi tsiku lililonse, pamalo omwewo a biti, ndipo Zii sankamvetsa chimene chinkamutsekereza.

Lolemba anapempha maola awiri kuntchito n'kupita kumene mathiraki amapakira katundu. Anafunsa alonda atatu asanamupeze Chipeso, ali chogona pansi pa thiraki. Anatuluka ali ndi dazi lonyezimira ndi mimba yotsogola.

"Alamu! Ndinu? Musandiyang'ane m'mutu, chipeso ndinachipumitsa pa ntchito."

Zii sanaseke. Anafotokoza za Loweruka, za kaseti, za milomo yotseguka ija. Chipeso anapukuta manja pa ovolosi.

"Amatsegula pakamwa biti itayenda bwanji?"

"Pakadutsa kanthawi. Pamene kamalira kabelu."

"Ndiye akudikira ine," anatero Chipeso. "Nyimbo imeneyo ndimayamba ndine. Mizere sikisitini. Ndikamaliza ndimati, 'Ndapesa ine, Lumo meta,' iye n'kulowa. Munthu uja chiyambire sanalowepo pa biti popanda kupatsidwa. Tinkamunena kuti ndi galimoto yokankha."

"Ndiye bwerani mudzamupatse."

Chipeso anayang'ana matayala. "Ndikunyamuka lero lino, milungu itatu. Ndipo ndisakunamizeni, alamu, ndinafika kawiri pamdadada wanu uja, n'kubwerera pampopi. Sindingathe kumuona ali chete. Ena angathe, ine ayi."

"Ndingowauza mawu omalizawo basi?"

"Sizingagwire. Amawerenga mizere yanga m'mutu. Akapanda kuimva yonse, ndiponso ikapanda kugwera pa biti, sasuntha. Muyenera kuimba vesi yonse."

"Ine?"

"Nanga ndani? Alonda awa?"

Chipeso anang'amba pepala m'buku la katundu, n'kuyamba kutchula mizere, Zii akulemba atatsamira thanki ya dizilo. Penapake ankaiwala, n'kubwerera kumayambiriro akumenya chitseko cha thiraki ndi chikhatho. Anamuphunzitsa kuwerenga: kugunda kanayi ndi mzere umodzi, mpweya ukokedwe pamzere wachinayi uliwonse. "Musaimbe ngati kwaya. Yankhulani ngati wina wakupondani chala mu basi." Atafika pa mzere wopatsira uja, woyang'anira katundu anaitana Chipeso. Zii anapinda pepala n'kuthokoza. Sanafunse ngati nyimboyo inkapitirira, ndipo Chipeso, maganizo ali kale pamsewu, sanakumbuke kunena.

Masiku anayi otsatira Zii anaphunzira vesiyo ali pa tebulo lake. Mashini aakulu ochapira akamazungulira ankagunda mofanana, du, du, du, du, ndipo iye ankaponya mawu pa kugundako, simbi ikuyenda. Lilime linkakana. Mawu a Chipeso anali odzitama, za nsapato zoyera ndi adani amene adzalira, zinthu zoti pakamwa pake sipanazitchulepo. Mnzake wopinda matawulo anaima n'kumuyang'ana.

"Azimayi, bwerani mudzaone. Zii wagwidwa ndi mizimu ya achinyamata."

"Mumugulire chipewa," anatero wina. "Ndi tcheni cha galu cha m'khosi."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Zii anapitiriza, nkhope ikuyaka. Lachitatu anapsereza pilo, woyang'anira n'kumuchenjeza. Lachinayi wopinda matawulo uja anasiya kuseka n'kuyamba kumuombera m'manja kanayi-kanayi, osafunsa chifukwa.

Kunyumba sanayese ngakhale kamodzi. Ankaopa kuti akalakwitsa pamaso pa Lumo, kapena akakhoza koma Lumo osalowa, sadzakhalanso ndi choti agwire mpaka Loweruka.

Loweruka m'mawa galimoto inaima pampopi. Alamu aakulu analowa, n'kupeza chikwama cha Lumo chili chomanga kale pakhomo, monga analamulira. Anachinyamula kukachiika m'galimoto, n'kubwerera kudzatenga munthu.

"Alamu, ndipatseni mphindi zisanu," anatero Zii.

"Dzuwa likukwera."

"Zisanu zokha."

Anadina wailesi. Biti inadzaza chipinda, mutu wa Lumo n'kuyamba kugwedezeka. Zii anaima patsogolo pake atavala diresi yake ya kuntchito, n'kulowa mochedwa. Mawu anapiringizana pamzere wachitatu. Anaimitsa, n'kubweza kaseti.

"Kodi ndi chiyani chimenechi?" anafunsa alamuwo. "Mwayamba kudwala nanunso?"

Zii anadinanso wailesi. Ulendo wachiwiri anatsinzina, n'kuganiza za mashini ochapira. Analowa bwino. Anatchula nsapato zoyera, anaopseza adani, mawu ake ang'onoang'ono akukwera mpaka anthu a pamdadada anayamba kusuzumira pazenera. Pamzere wa khumi ndi chiwiri mpweya unamuthera, anameza mawu awiri koma biti sanaitaye. Kabelu kanalira.

"Ndapesa ine, Lumo meta."

Lumo analowa.

"Mutu wa bwana, mutu wa wantchito, pampando wanga yonse imawerama."

Mawuwo ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa, olemera, malovu akutsika pachibwano, koma anali mawu, ndipo aliwonse ankagwera pamalo pake. Dzanja lamanzere linanyamuka n'kumadula mphepo. Zii anatchera khutu. Miyezi isanu ndi iwiri anali asanamve liwu limenelo, ndipo anali atayamba kuiwala kuti linali lokhuthala chotani.

Lumo anamaliza mizere yake yonse. Kenako anatambasula dzanja kuloza mkazi wake: "Ndameta ine, Chipeso sesa."

Biti inapitirira. Zii anaima kukamwa kuli yasa. Panali vesi yachitatu, ndipo iye analibe ngakhale liwu limodzi la vesiyo. Dzanja la Lumo linakhalabe m'malere. Mzere umodzi unadutsa wopanda kanthu, wachiwiri, wachitatu. Nkhope ya Lumo inachita makwinya, mitsempha ya m'khosi inatupa. Anamenya mkono wa mpando mpaka kapu ya madzi inagwa.

"Lowa!"

Liwu limenelo silinali la m'nyimbo. Anali Lumo mwiniwake, atakwiya ndi munthu wophonya biti.

"Sindikuidziwa, bambo," anatero Zii, misozi ikutsika. "Pepani. Sanandipatse."

Kaseti inafika kumapeto n'kudzizimitsa. Lumo anatembenuzira nkhope kukhoma, akupuma mwamphamvu.

Alamu aakulu anakhala pabedi, koyamba chilowereni m'chipindamo. Anayang'ana mng'ono wawo.

"Mphwanga," anaitana. "Ndine ndani ine? Ukufuna kutsala kapena tipite?"

Lumo sanatembenuke. Milomo inagwedezeka, osatulutsa kanthu.

"Zoimbazo ngakhale wailesi imaimba," anatero alamuwo pang'onopang'ono. "Koma kukalipako ndi iyeyo. Ankandikalipira choncho tili ana." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Komabe alamu, liwu limodzi silidzutsa munthu pasimenti. Ndikupatsani mpaka mwezi uno uthe. Chitseko ichi chisakhomedwenso, ndipo pakhale munthu womuona tsiku lonse. Ndikadzamva kuti anatsala yekha ngakhale ola limodzi, sindidzakufunsaninso."

Anabweza chikwama, n'kuchiika pakhomo osachilowetsa mkati. Galimoto inapita.

Mwezi unali utatsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo Lolemba Zii ankayenera kukhala pa tebulo lake sikisi koloko. Pazaka zonse zimene anakhala pamdadadapo anali asanapemphepo ngakhale machesi kwa munthu. Anakolopa madzi aja, anapukuta Lumo pachibwano, n'kutuluka kukagogoda kwa mayi wa kaunjika.

"Ndamva zonse, khoma ili ndi pepala," anatero mayiyo asanafunsidwe. "Ine ndingamuone mpaka teni, kenako ndimapita kumsika. Lachiwiri ndi Lachisanu ayi, ndimalawirira kukaoda belo la zovala. Kuyambira teni mpaka faifi mupeze wina."

Zii anathokoza. Panatsala zitseko zisanu ndi chimodzi, ziwiri za anthu amene sankawadziwa n'komwe mayina. Anakonza mpango wake kumutu, n'kupita pa chitseko chotsatira.